Ndafa ka 4,381, Ndikupempha Loweruka Limodzi Lokha

Senga Bay, Salima
Lolemba, 5 Okutobala 1998

Kwa Bwana Mkulu wa Zonse,
Kampani ya Malo Ogona ya Mthunzi Wabwino,
Lilongwe.

Bwana wanga wolemekezeka,

Pepani kuti ndakulemberani poyera, m'nyuzipepala, ngati munthu wosaleredwa. Makalata anga atatu, ya pa 4 Meyi, ya pa 1 Julayi ndi ya pa 2 Seputembala, ndikukhulupirira kuti anafika bwino, pakuti dalaivala wathu anaona imodzi itapindidwa kanayi pansi pa mwendo wa tebulo lanu. Ndinasangalala kumva kuti tebulolo silikugwederanso.

Ine ndine Fanuel Kamtsitsi, wosunga zofunda ndi matawulo pa loji yanu ya kuno kuyambira pa 1 Ogasiti 1986. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Pa zaka khumi ndi ziwiri zimenezi lasowapo thawulo limodzi lokha, ndipo tinalipeza ndi nyani. Ndine munthu wa mawu apansi. Mayi akunyumba amayamba athamangitsa nkhuku pakhomo kuti andimve.

Ndili ndi zothokoza zingapo, ndi kapempho kamodzi kumapeto.

1. Zikomo chifukwa cha kompyuta imene inafika Lachiwiri pa 10 Malichi kuti tizilembamo mayina a alendo. Katswiri wanu, a Lawson, anaikamo choiyendetsa chotchedwa Linakisi. Anatilongosolera kuti kompyuta iliyonse imafuna kapitawo wam'kati woiuza zochita, ndipo kapitawo ameneyu sagulidwa. Anamupanga anthu ongodzipereka a m'mayiko ambiri, alibe mwini, ndipo aliyense atha kumutsegula, kuona m'mimba mwake ndi kuwongola pamene papindika. "Amenewa ndiye matipate a makompyuta," anatero a Lawson. Tonse tinaomba m'manja. Tikumva kuti inunso munaomba m'manja, makamaka pa mawu akuti sagulidwa. Pambali pa kompyutayo a Lawson anamatapo chithunzi cha kambalame konenepa, koima ngati wetala wovala jekete lakuda. A Ahmad, amene amayendetsa boti la alendo, anakayang'anitsitsa n'kunena kuti kuchokera ku Chipoka mpaka ku Lifuwu sanakaonepo, koma kakuoneka kuti kamadya bwino kuposa ife. Kambalameko ndilibe nako mlandu. Mayina a alendo kakusunga bwino, ndipo sikanajombepo.

2. Zikomo chifukwa cha masewera. A Manijala athu, a Jameson, anapempha a Lawson kuti aikemo masewera oti azipumitsira maso. A Lawson analimbana nawo masiku atatu, akulemba mawu aataliatali pa galasi lakuda, namwa makapu a tiyi khumi ndi imodzi. Lolemba pa 6 Epulo masewera anayaka. Muli munthu woyenda ndi mfuti m'makonde a chinyumba chamdima, zilombo zikumutulukira m'makona. Zithunzi zinaoneka bwino kwambiri. Mawu ndiwo ayi. Mfuti inkawomba mwakachetechete, zilombo n'kumafa mwaulemu ngati nsomba. A Lawson anati vuto ndi kakhadi kotulutsa mawu kamene kali m'katimo: okapanga amabisa kapangidwe kake, choncho odzipereka aja sadziwa poyambira kukayankhulitsa. Anati kalipo kena kamene Linakisi amagwirizana nako, kokwana m'thumba la malaya. Koma popeza kathuka kanagulidwa ku sitolo ya alamu anu, sitikukayika kuti n'kabwino. N'kofatsa chabe, ngati ine.

3. Zikomo chifukwa cha chisankho. Tsiku lomwelo a Manijala anatisonkhanitsa nati masewera opanda mawu ali ngati maliro opanda kwaya, ndipo popeza tili m'demokalase, tisankhe munthu woti akhale mawu a kompyuta. Onse anakana mokweza. A Molly a kukhitchini anakana atanyamula chipande. Inenso ndinakana, bwana, kawiri konse, koma palibe anandimva. Ndinapambana popanda wopikisana naye. Kale tinkaopa kutsegula pakamwa. Lero ndili ndi ufulu woyankhula kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko masana, ndipo zimene ndimayankhula ndi "Phuu!", "Khwaa!" ndi "Bwooo!"

4. Zikomo pondikweza pa ntchito. Ofesi yanga yatsopano ili kuseri kwa kompyuta, pakati pa khoma ndi mawaya, chifukwa a Manijala amafuna mawu azichokera m'makina. Kuti ndiziona zimene zikuchitika, tinachotsa galasi la m'chipinda nambala 7 n'kulipachika kumbuyo kwao. Koma m'galasi kumanja kumakhala kumanzere. Sabata yoyamba ndinkabangulira mbali yolakwika, a Manijala n'kumawombera khoma chilombo chikuwadya kumsana. Ndinalandira chenjezo lolembedwa pa 11 Epulo, ndipo ndinalivomera.

Tsopano ndimatha mawu 14: mfuti yaing'ono, mfuti yaikulu, chitseko, madzi a poizoni, zilombo zisanu ndi zinayi, ndi a Manijala eni ake akamafa. Imfa yaoyo amafuna ikhale yaitali ndi yolemekezeka, ndipo kumapeto ndizitchula mayi awo. Pa zilombo amandilangiza kuti, "A Kamtsitsi, iferani ngati chilombo, osati ngati mkulu wampingo wosinza pa ulaliki."

Zonse ndimalemba kumasamba akumapeto kwa buku la matawulo. Chiyambireni pa 6 Epulo papita masabata 26, omwe ndi masiku 182. Tikachotsa Lamulungu 26 ndi masiku 31 amene magetsi anandichitira chifundo, atsala masiku 125. M'masiku amenewa ndafa ka 4,381: ka 3,969 ngati chilombo, ka 412 ngati a Manijala.

5. Zikomo chifukwa cha yankho lanu la pa 2 Juni. A Manijala atakulemberani za kakhadi, munayankha ndi mzere umodzi: "Popeza aliyense atha kukonza, konzani." Mawu anzeru amenewa tinawapachika pakhoma. Ine ndinayamba kuwerenga buku la malangizo la masamba 212 limene a Lawson anatisiyira. Ndinafika tsamba 9, pamene akuti usanapitirire uyambe wawerenga buku lina. Bukulo tilibe.

A Lawson, munthu wachifundo, anabweranso pa 11 Ogasiti pa njinga yao yamoto popanda wowatuma. Anali atalemberana ndi munthu wina wa ku dziko lozizira, amene sanationepo n'komwe koma anakhala pansi n'kutilembera malangizo kwaulere, pomwe ku Lilongwe n'pafupi. A Lawson anagwira ntchito maola asanu ndi limodzi. Nthawi ya 3:40 masana kompyuta inalira ngati chule wopondedwa kwa masekondi anayi. Ndinagwetsa misozi, bwana. Kenaka inakhalanso chete, ndipo kambewa kolozera nakonso kanaleka kuyenda mpaka mawa lake. A Manijala anandilimbitsa mtima kuti ngakhale zikanatheka, a Kamtsitsi amafa bwino kuposa makina. Chiyambireni ntchito sindinayamikiridwepo chotere.

6. Zikomo potichepetsera alendo. Pa 23 Julayi azungu awiri analowa kudzafunsa chipinda ine ndili pakati pa imfa ya chilombo cha nyanga. Anabwerera kugalimoto chammbuyo, osatsanzika. A Ahmad anathamanga kuchokera kugombe nkhafi ili m'manja, akufuula kuti, "Subuhanala, akupha ndani?" Atandipeza kuseri kwa kompyuta anangoti, "Achimwene, ndalama zimenezi n'zowawa," n'kubwerera ku boti lao. Alendo a m'chipinda nambala 7 amameta ndevu poyang'ana m'chidebe cha madzi, ndipo palibe wadzichekapo kwambiri.

7. Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi. Ndili ndi mwana wa malemu mlongo wanga, dzina lake Gladys. Ndinamulera ndine, ndipo amalume ake ndine ndekha, nkhoswe yake ndine ndemwe. Wapeza mnyamata wa ku Chipoka, Mayeso, wogwira ntchito ya njanji, wosamwa, wopereka moni atagwira chipewa m'manja. Loweruka pa 19 Seputembala madzulo akwawo kwa Mayeso anabwera kwathu kudzakambirana za chinkhoswe. Tili pamkeka, amalume a Mayeso ali pakati pa mawu, mphepo inamenyetsa chitseko, n'kulira ngati mfuti.

Bwana, thupi likazolowera silifunsa. Ndinabangula, ndinagwira pachifuwa, n'kugwa chammbali miyendo ili m'mwamba, monga chimafera chilombo chachitatu. Gladys anathawira kuseri kwa nkhokwe akulira. Nditadzuka n'kudzisasa fumbi, amalume a Mayeso anafunsa modekha ngati zimenezi zili kumtundu kwathu. Ndinawalongosolera za Linakisi, za kakhadi, za galasi la nambala 7 ndi za alamu anu. Anayang'anana, ndipo ndinaona kuti kulongosolako kwangokulitsa matenda.

Anagamula chonchi: chinkhoswe chichitike Loweruka pa 24 Okutobala, koma nkhoswe ya kuchikazi idzaime pamaso pa anthu, ilandire tambala, ipereke thadzi, ndi kuyankhula mawu a munthu. Ikadzangobangula, kapena ikadzapanda kuoneka, tambala adzabwerera ku Chipoka, ndipo Mayeso adzabwerera naye limodzi. Chichokereni tsikulo Gladys samenyetsa chilichonse ndikakhala pafupi. Mbale amaziika pansi ngati mazira.

Ndinapita kuchipatala. Anandiunika pakhosi nati pakufunika kupuma masabata awiri osabangula, kuti mawu abwerere ndipo thupi liiwale. Ndinapempha tchuthi. A Manijala anayang'ana pa kalendala nati n'zosatheka, chifukwa malinga ndi kuwerengera kwao, pa 24 Okutobala pomwepo ndi pamene adzafike kwa chilombo chachikulu chomaliza. Akuti chimenecho chimafa mphindi zitatu zathunthu, ndipo aitana kale anzao awiri a ku tauni kuti adzaonerere. Ndinawauza kuti ndi ukwati wa mwana. Anati, "Mwati bwanji, a Kamtsitsi? Kwezani mawu." Ndinakweza, koma chimene chinatuluka ndi chitseko.

Tsono kapempho kanga ndi aka, bwana. Sindikupempha kuti masewera athe, pakuti ine ndani kuti ndilowerere pa ntchito za akuluakulu. Sindikupemphanso kuti kambalame kachotsedwe, pakuti pa antchito onse a kampani yanu ndi kokhako kamene kamachita zimene kanalonjeza. Ndikungopempha kakhadi kaja kokwana m'thumba la malaya. Dalaivala yemwe uja akuti akadutsa pakhomo la ofesi yanu cha m'ma 10 koloko m'mawa amamva mfuti zikulira ndi zilombo zikufa momveka bwino, ndipo atasuzumira kuseri kwa kompyuta yanu sanapezeko munthu. Ndiye kuti mukudziwa kumene makhadi oyankhula amagulidwa, ndipo si kwa alamu. Kakakwera galimoto ya Loweruka likudzali, pa 10 Okutobala, ndidzakhala ndi masiku 14 enieni amene achipatala anena.

Koma ngati zimenezi n'zovuta, pakuti ndikudziwa kuti m'mawa mumakhala otanganidwa, pali njira ina yosafuna kugula kanthu. Bwerani nokha pa 24 Okutobala, 9 koloko. Kuseri kwa kompyuta ndasesako bwino, ndipo ndidzakuyalirani thawulo latsopano logwadira, la m'gulu la alendo olemekezeka. Mawu onse 14 mukuwadziwa kale kuposa ine. Mungokumbukira kuti m'galasi kumanja ndi kumanzere, ndiponso kuti mayi a a Manijala dzina lao ndi a Nachisale. Ine ndikadzapereka thadzi ndidzakukumbukirani m'mawu anga, ngati adzamveke.

Munalemba nokha, bwana, kuti aliyense atha kukonza. Ine ndangoonjezerapo pang'ono ndi nzeru zanga za Sitandade 8: aliyense athanso kufa.

Ndine wantchito wanu wofatsa, wakufa ka 4,381 koma wosajombapo ngakhale tsiku limodzi,

Fanuel Kamtsitsi
Wosunga Zofunda ndi Matawulo, ndiponso Mawu a Kompyuta