Wotchi ya ku Jeremani inandikweza padenga

Anzanga, poti nkhaniyi mwakhala mukuimva m'zidutswazidutswa, ena akuti ndinagona, ena akuti ndinapita kukapemphera padenga, lekani ndiifotokoze ndekha mwiniwake, chifukwa ngati kuli kusekedwa, ndi bwino woyamba kuseka ndikhale ine.

Ine ndimagwira ntchito ku Sea Point, mumzinda wa Cape Town, ndimasamalira mayi wina wokalamba wochokera ku Jeremani. Kumudzi ndinaphunzira zauphunzitsi, ndipo chimene chinanditsalira pa maphunziro amenewo ndi matenda okonda nthawi, aja akuti belu likalira aliyense akhale pamalo pake. Ndiye mwana wa abwana angawo, bambo wamkulu ndithu, atabwera kudzaona mayi ake mwezi wa Julayi, anandibweretsera mphatso ya wotchi yapamkono, yaing'ono, yokongola, ya mivi iwiri yokha, n'kukhala nane pansi kundifotokozera mmene imagwirira ntchito.

Akuti kwawoko kuli wotchi yaikulu ya akatswiri a sayansi imene sitaya nthawi ngakhale pang'ono, ndipo pali nsanja yaitali imene imaponya nthawi ya wotchi imeneyo pa mafunde a wailesi, osati nyimbo kapena nkhani ayi, kugunda kokha basi, sekondi iliyonse. M'kati mwa wotchi yangayo muli kamlongoti kochepa ngati kachidutswa ka machesi, ndipo tsiku lililonse anthu ali m'tulo kamamvetsera kugundako n'kuwongola mivi. Ukafuna kuti imvetsere pompopompo umadina batani la m'mbali, mivi yonse imathamangira pa 12 n'kuima, ndipo ikamva imabwerera yokha pa nthawi yeniyeni. Bamboyo ananenanso mawu ena pambuyo pake, oyamba ndi "koma", koma ine apa n'kuti ndili pagalasi, ndikutembenuza mkono uku ndi uku. Inu mukanamvetsera?

Mwezi umenewo nthawi ya ku Jeremani ndi ya kuno zimafanana, choncho sindinakhudze chilichonse, ndinangovala. Ndipo inkayenda bwino, ndisaname. Cholakwa chinali pakamwa pangapa. Kutchalitchi kwathu ku Milnerton munthu akangofunsa nthawi, ine ndayankha kale, n'kuwonjezerapo ndi phunziro la nsanja. Wina akati foni yake ikunena zina, ndinkamuuza mwaulemu kuti yanga imalankhula ndi Jeremani. Kunena mwachilungamo, anthu athu sachedwa mwadala nthawi zonse, wina watuluka shifiti ya usiku ku mafakitale a ku Epping m'mawa womwewo, wina takisi yake yaima theka la ola kudikira kudzaza, zimenezi ndimazidziwa ndipo ndimazimvetsa. Koma palinso ena amene amayamba kusita malaya nthawi imene anayenera kukhala atafika, ndipo amenewo ndiwo ndinkafuna kuwaphunzitsa.

Ndiye mng'ono wanga Tiyamike atapeza banja, komiti ya ukwati sinavutike kusankha wosunga nthawi. Ndipo pa ukwati umenewu nthawi inali nkhani yaikulu, chifukwa tchalitchi chathu ndi holo yobwereka, ndipo Loweruka limenelo tinapatsidwa ola limodzi lokha, kuyambira 1 koloko mpaka 2 koloko, kenako anzathu a ku Kongo amalowa ndi ukwati wawo. Abusa ananenetsa kuti 2 koloko ikakwana tisanamalize, Tiyamike abwerera kunyumba ndi velo lake ali mbeta.

Abwana anga anapita kukacheza kwa anzawo masiku awiri, ndipo anatilola kuti mkwatibwi avalire m'nyumba mwawo. Munali Tiyamike, aperekezi ake atatu, ndi azakhali athu a Nankhoma amene anachokera ku Dedza pa basi chifukwa cha ukwati womwewu. Dongosolo langa linali losavuta: ikangodutsa 12 koloko ndi mphindi khumi ndi zisanu, tonse tikhale tili m'galimoto ya amuna anga, bambo a Tadala. Kuti atsikana asachedwe ndi zojambulana, ndinatolera mafoni onse, yanga yomwe, n'kuwatsekera m'chikwama changa, chikwamacho m'kabati. Wotchi ya pachitofu inkangophethira chifukwa magetsi anali atazimapo. M'nyumba monse nthawi inatsala pamkono panga pokha, ndipo ine zimenezo zinkandisangalatsa.

Cha m'ma 11 koloko ndinaganiza kuti tsiku lalikulu ngati ili silofunika nthawi ya dzulo, ndi bwino ndifunse ku Jeremani ndimve ya lero. Ndinadina batani lija. Mivi inathamanga bwinobwino monga anandiuzira, n'kuima pa 12. Ndinadikira. Zii. Ndinapita pawindo. Zii. Ndinatuluka pakhonde, ndinatukula mkono, palibe chimene chinasuntha. Ndiye nzeru za kukoleji zinabwera: mafunde a wailesi amatchingidwa ndi makoma, ndipo Jeremani ali kumpoto, choncho pakufunika malo okwera oyang'ana kumpoto. Ndinauza azakhali kuti ndikubwera pompano, n'kukwera lifiti mpaka pamwamba, kenako masitepe mpaka padenga pamene timayanika zovala.

Tsono ganizirani. Mayi wamkulu, nsalu ya ukwati kuyambira kumutu mpaka kumapazi, duku lalitali ngati chulu, nsapato zazitali, waima pakati pa zingwe zoyanikira, mkono umodzi m'mwamba, akuzungulira pang'onopang'ono ngati akusaka netiweki kumudzi. Mphepo ya ku Cape Town nayo siona kuti uyu ndi wa komiti, inalanda duku langa n'kukalikoleka pa chingwe cha anthu ena, ine kulithamangira ndi dzanja limodzi chifukwa linalo sindinkafuna kulitsitsa, kuopa kuti nthawi ingadutse ndili chozyolika.

Mlonda wa nyumbayo, a Gondwe a ku Rumphi, anandiona pa kamera n'kukwera.

"Mayi a Tadala, kwagwanji? Mwayamba kunenera?"

"Ayi a Gondwe, ndikudikira nthawi."

"Ikuchokera kuti?"

"Ku Jeremani."

Anayang'ana kunyanja, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Eish, ndiye ibwera pa sitima yapamadzi. Bwanji ndingokuuzani yanga ya pafoni?"

Ndinakana, anzanga. Ndinakana! Ndinati zikomo a Gondwe, yanu ndi yabwino, koma lero ndikufuna yeniyeni. Iwo anangopukusa mutu n'kutsika.

Mkono utatopa mpaka kuchita dzanzi, ndinamva kuti phuu! Inu amene muli kumudzi, kuno kuli mfuti yaikulu paphiri imene amaiomba 12 koloko masana, mwambo wakalekale, ndipo mphepo ikakhala bwino imamveka mpaka ku Sea Point. Ndinatsitsa mkono, ndinayang'ana: 12 koloko ndendende, mivi yonse pamodzi! Ndinalulutira ndekha padengapo. Ndinati Jeremani wayankha, ndipo wayankha limodzi ndi mfuti, umboni wina ungaposenso apa? Sizinandifikire m'mutu ngakhale pang'ono kuti miviyo inali pomwepo kuyambira kale, ndipo kuti ndi dzuwa limene linaipeza.

Ndinatsika ngati munthu wobwera ndi chikho. "Atsikana, mitima pansi, ndi 12 koloko ndendende, tili ndi mphindi khumi ndi zisanu."

Apa ndiulule chinthu china. Ine zinthu zazing'ono sindiziona bwino popanda magalasi, koma tsiku limenelo ndinati magalasi sakugwirizana ndi duku, ndiye nawonso anali m'chikwama chija. Ndikayang'ana pamkono ndinkangoona kuti mivi ili chakumwamba, ndipo mtima unkandiuza kuti yangodutsa pang'ono. Tinayamba kulimbana ndi zipi ya diresi imene inakana kukwera. Itakwera, Tiyamike anafunsa, "Achemwali, nthawi ili bwanji?" Ine, "Ilipo yambiri, mwanawe." Mperekezi wina nsidze yake yomata inagwera mu tiyi, tinaivuula, tinaiumitsa, tinaimatanso. "Anti, nthawi?" Ine, "Sinapite patali." Ndinafika mpaka pouza mperekezi wopaka zodzoladzola kuti abwerezenso milomo ya mkwatibwi, poti tinali ndi mpata.

Pansi hutala inayamba kulira. Ndinasuzumira pawindo, bambo a Tadala atuluka m'galimoto, akuloza pamkono, akukuwa zinthu zimene mphepo inkatenga.

"Wotchi ya m'galimoto mwanuyo ndi yabodza!" ndinakuwa. "Inayamba kuthamanga chaka chatha!"

Zimenezo zinali zoona ndithu, imathamanga ndi mphindi zisanu, koma si zimene ankanena.

Amene anandigwetsa ndi azakhali. Iwo alibe wotchi, sanakhalepo nayo. Anali atakhala pampando manja pamiyendo, n'kunena mofatsa kuti, "Iwe mayi a Tadala, pamene unkatsika kudenga kuja dzuwa linali pa mwendo wa tebulo uwu. Pano lafika pa kabati. Kaya kwa azungu kuno limayenda mwa mtundu wina, koma kwathu likayenda chonchi, ola lapita."

Ndinaseka kaye, kenako ndinayang'ana pamene dzuwalo linafika. Ndinatsegula kabati, chikwama chonse chikunjenjemera ngati muli njuchi. Ndinavala magalasi. Wotchi: 12 koloko ndendende. Foni: 1 koloko yadutsa ndi mphindi khumi. Mayo ine!

Mmene tinatsikira masitepe aja sindikumbuka bwino, ndikungokumbuka velo lili m'khwapa mwanga, azakhali atanyamula nsapato m'manja, a Gondwe atatsegula geti n'kundifunsa kuti, "Yafika?" M'galimoto bambo a Tadala sanandikalipire, ndipo bola akanakalipa. Anangoti pa loboti yoyamba, "Mayi a Tadala, tandionereni nthawi, yanga ndi yabodza." Tiyamike ankangopuma mokoka kuti misozi isawononge nkhope, ndipo apa mpamene ndinasiya kudzimvera chisoni n'kuyamba kuopa zenizeni, chifukwa mwana uyu ndinamulera ndine, ndipo tsiku lake limodzi lokhali ndinali nditaliika pa batani.

Tinafika ku Milnerton kutatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu kuti 2 koloko ikwane. Mkwati anali atatuluka thukuta mpaka jekete kusintha mtundu, ankhoswe ake atayamba kale kunong'onezana. Panja anzathu a ku Kongo anali atafika, masuti owala, kwaya yonse ili pamzere. Abusa athu, amene ulaliki wawo wa ukwati sunatherepo pansi pa ola, tsiku limenelo anawerenga vesi limodzi, anafunsa mafunso awo, mphete zinalowa, ndipo pamene ankati "ameni" n'kuti a ku Kongo akusuzumira pakhomo. Potuluka, kwaya yawo ija inatipatulira njira n'kutiimbira nyimbo m'chinenero chawo, Tiyamike akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Mpaka lero anthu amati sanaonepo ukwati wokoma chonchija, ndipo amuna angapo anabwera kudzandithokoza mwamseri chifukwa cha ulalikiwo.

Kumadyerero ndiye kunali kulipa kwanga. Wotsogolera mwambo akangogwira maiki ankati, "Tisanapitirize, timve kwa wosunga nthawi. Mayi a Tadala, ili bwanji?" Holo yonse: "Thwelofu!" Podula keke, thwelofu. Pobalalika madzulo, thwelofu. Ndinaimirira n'kugwada pang'ono, nanga ndikanatani?

Lolemba ndinafotokozera abwana anga. Anaseka mpaka ndinawathamangira ndi madzi. Atapuma anati, "Koma mwana wanga anakuuza, ine ndinalipo. Mafunde a nsanja ija amathera ku Ulaya konko. Nsanja zina zili ku Amereka, ku Japani ndi kwina, koma kuno kulibe imene imafika. Anati uzingoivala ngati wotchi wamba, ndipo batani usalikhudze." Ndiye kuti miyezi yonse ija ndinkadzitama kuti ndikulankhula ndi Jeremani, Jeremani sankadziwa n'komwe kuti ndilipo.

Ndikaganiza mofatsa, wotchiyo sinalakwe. Inauzidwa kuti imvetsere, ndipo ikumvetserabe mpaka lero, mokhulupirika kuposa mmene ine ndinamvetserera mwini wake. Bambo uja nayenso sanalakwe, "koma" wake ananena. Ngakhale ine ndimadzikhululukira pang'ono, chifukwa kufuna kusunga nthawi si tchimo, tchimo linali kutsekera mafoni asanu m'kabati ndi kukana mlonda amene anakwera masitepe kudzandithandiza.

Tiyamike anandikhululukira, ali bwino pabanja pake ku Milnerton, kungoti akandiitana kukadya amati, "Mubwere 1 koloko, achemwali, ya kuno." Abwana akuti mwana wawo akadzabweranso adzaitenga wotchiyo kuti ikamve kwawo n'kudzuka, koma ine ndayamba kukayika ngati ndidzaipereke. Ili pawindo la kukhitchini, ndipo masana alionse mfuti ya paphiri ikalira ndimavala magalasi n'kuiyang'ana, ndipo chiyambire sinaphonyepo ngakhale sekondi imodzi. Koma za usungi wa nthawi, komiti iliyonse imve: ndinatula pansi udindo. Mukafuna munthu, a Nankhoma alipo ku Dedza, mungowapezera tebulo ndi windo.