Thalauzi la 34 Lathera m'Ntchafu

16 Okutobala

Kwa Bwana Wamkulu Woika Manambala pa Zovala,
Ku ofesi yanu, kulikonse kumene ili.

Wolemekezeka Bwana,

Mundikhululukire polembera munthu amene sindinamuonepo. Ndafunsa m'masitolo atatu kuti ofesi yanu ili pati, konseko andiseka. Koma ine ndikukhulupirira kuti mulipo, chifukwa kansalu ka nambala kamene kamakhala m'kati mwa thalauzi sikangadzisokerere kokha. Ndiye ndalemba poyera, mwina wina wokudziwani akuwerengerani.

Ine ndine mlonda wa pageti lachiwiri pa fakitale ina. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma masamu ndinkakhoza. Kwa zaka 17 ndakhala ndikulemba galimoto iliyonse yolowa ndi yotuluka, tsiku ndi nthawi yake, osafufutapo ngakhale kamodzi. Ndanena izi kuti mudziwe kuti manambala ndimawapatsa ulemu. Tsopano ntchito imeneyi ikhoza kunditayika pa 3 Novembala chifukwa cha nambala yanu imodzi, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndikuthokozeni ndisanachotsedwe.

1. Ndikuthokozani chifukwa munandiondetsa popanda kundivutitsa. Pa 14 Febuluwale nesi wa kuntchito kwathu anandiyeza magazi, nayang'ana mimba yanga, nati, "Bambo, katunduyu achepe, apo ayi mtima udzakutulani panjira." Kunyumba tilibe sikelo. Ndinaganiza usana wonse pageti, mpaka nzeru inabwera, imene mpaka lero ndimaiona kuti inali yabwino: thalauzi likhale sikelo yanga. Nthawi imeneyo ndinkavala 38. Nambala ikatsika ndiye kuti ndaonda. Ndinachepetsa shuga wa mu tiyi kuchoka pa masupuni anayi kufika pa atatu, ndipo ola lililonse ndinkazungulira kanyumba ka alonda kawiri.

Pa 9 Epulo ndinayesa thalauzi la 36 pa kaunjika. Linalowa, ndipo ndinaligula. Ndinadzipatsa mphoto pobwezera supuni yachinayi ija. Pa 22 Juni ndinayesa lina lolembedwa 34, ndipo linalowa mpaka chala kukwana m'chiuno. Wogulitsayo anandiombera m'manja, amvekere, "Achimwene, thupi limeneli ndi la mnyamata wa mpira!" Sindinaganize kuti mwina amanena choncho kwa aliyense.

2. Ndikuthokozaninso chifukwa munandipatsa mantha abwino. Kuchokera pa 14 Febuluwale kufika pa 22 Juni ndi masiku 128. Pamasiku amenewo ndinatsika manambala anayi, kutanthauza nambala imodzi pa masiku 32 alionse. Nditachulukitsa 34 ndi 32 ndinapeza 1,088. Bwana, ndinazizidwa. Masamu ankasonyeza kuti zaka zitatu zisanakwane ndidzakhala nditatha, pageti padzangotsala chipewa ndi nsapato. Ndili ndi ana anayi. Ndinayamba kudya mbale ziwiri kuti ndidzipulumutse.

Mayi akunyumba anayesera kundichenjeza mwaulemu. Anati, "Abambo, ine maso anga akuona zina. Mpando wanu uja wayamba kulira." Ndinawaonetsa kansalu ka 34, ndikuwafunsa ngati maso awo anapitako ku fakitale ya zovala. Anangoti, "Chabwino, ophunzira ndinu," nandiwonjezera ndiwo.

3. Pa 7 Julaye kunabwera fomu ya yunifolomu yatsopano. Kwathu yunifolomu imabwera kamodzi pa zaka ziwiri. Aliyense amalemba yekha nambala yake n'kusaina, ndipo pansi pa fomuyo pali mawu akuti zikabwera sizibwezedwa. Ndinalemba 34 ndi zilembo zikuluzikulu kuti anzanga aone. A kapitawo athu anawerenga fomuyo, kenako anandiyang'ana kuyambira pachifuwa kutsika. Anati, "Mdala, iyi ndi nambala ya thalauzi kapena zaka zimene mukufuna kubwererako?" Ndinamasula lamba pomwepo, ndikupinda m'chiuno kuwaonetsa kansalu kanu. Anati, "Basi, sainani." Ndinasaina, ndipo ndinaika ndi tsiku lomwe, ngakhale panalibe malo olembapo tsiku.

4. Yunifolomu inafika pa 13 Okutobala. Nsalu yake ndi yabwino kwambiri, Bwana, ndipo pamenepa ndikuyamikani ndi mtima wonse. Ndaiona bwinobwino chifukwa nthawi yambiri imakhala m'manja mwanga. Nditaweruka ndinalowa nayo kuchipinda. Mwendo wamanja unalowa, wamanzere unalowa, thalauzi linakwera kudutsa mawondo, litafika m'ntchafu linaima. Ndinadumpha kasanu ndi kawiri. Ndinagona chagada pabedi, ndinapuma mpweya wonse kunja, mayi akunyumba akukoka mbali iyi, ine mbali inayo. Linakwera pang'ono ngati kutalika kwa bokosi la machesi, kenako linakana kukwera, linakananso kutsika. Tinatha mphindi 25 tikulivula. Mayiwo sanaseke ngakhale pang'ono. Anatuluka mwaulemu, natseka chitseko, n'kukasekera kubafa, kumene ankaganiza kuti sindikumva.

M'mawa mwake ndinakadandaula kwa a kapitawo. Anatulutsa fomu ija, nandionetsa siginecha yanga ndi tsiku langa lomwe. Anati pa 3 Novembala kukubwera akuluakulu a kampani kudzayendera alonda, ndipo amene adzapezeke alibe yunifolomu yatsopano adzapita kunyumba osabwerako. Yakale sindingavale, chifukwa ndi yabuluu pamene yatsopanoyi ndi yotuwa. Ndinafunsa anzanga onse khumi ngati pali wofuna kusinthana. Thalauzi limene lingandikwane lilipo limodzi lokha, ndipo ndi la a kapitawo omwewo.

5. Tsiku lomwelo ndinatenga mathalauzi onse anayi kupita nawo kwa telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo. Anandizunguliza tepi m'chiuno, nati mainchesi 39. Ndinamupempha kuti ayezenso. Anati, "Bambo, tepi siitopa, koma yankho ndi lomwelo." Kenako anayala mathalauziwo pathebulo n'kuyeza limodzilimodzi, ine ndikulemba. La 38 lakale lija linali mainchesi 38. La 36 linali 39. La 34 la pa kaunjika, la nsalu yotanuka, analikoka mpaka 40 ndipo likanapitirira. La 34 la yunifolomu linali 33. Choncho miyezi yonse imene ndinkaonda, ndinanenepa inchi imodzi.

Telalayo ndi amene anandifotokozera nzeru zanu, ndipo ndikuvulirani chipewa. Akuti fakitale iliyonse imasankha thupi limodzi limene imaliona kuti ndilo munthu, n'kudulira nsalu potengera thupi limenelo. Akuti mayiko ena amawerenga mainchesi, ena masentimita, enanso ali ndi mawerengedwe awoawo. N'chifukwa chake mlamu wanga, munthu woonda ngati waya woyanikapo zovala, amavala jekete yolembedwa 50, ndipo ine ndakhala ndikumumvera chisoni zaka zonsezi poganiza kuti ali ndi matenda obisika. Akutinso mafakitale ena amalemba dala nambala yaing'ono pa chovala chachikulu, kuti wogula asangalale n'kubweranso. Ndinafunsa kuti, "Nanga alipo munthu wopusa wokhulupirira zimenezo?" Telala sanayankhe. Anali ndi mapini pakamwa, koma ndikuganiza kuti sichinali chifukwa chake.

Ndinamufunsa ngati angalikulitse. Analitembenuza, nandionetsa msoko wake. Nsalu yotsala m'kati ndi yochepa ngati chikhadabo cha mwana. Apanso ndikuyamikani, Bwana, chifukwa simuwononga nsalu. Anati angathe kuikamo chigamba kumbuyo, koma nsalu yotuwa chotere alibe, imene ilipo ndi ya maluwa yokha, yotsala pa diresi la mayi wina. Ndinaganizira za akuluakulu a kampani akudutsa kumbuyo kwa mzere wathu, ndipo ndinakana.

6. Sindikukuimbani mlandu. Wolakwa ndine, amene ndinakhulupirira kansalu kuposa mkazi wa zaka 26 m'banja. Kungoti kuntchito kwathu galimoto yolowa 9 koloko timailemba 9 koloko, kaya ichokere dziko liti, kaya woyendetsa akufuna kumva kuti wafika msanga. Ndinkaganiza kuti kwanunso ndi chimodzimodzi. Lero ndadziwa kuti ndine 34, 36, 38 ndi 39 nthawi imodzi, anthu anayi m'thupi limodzi, ndipo mwa anayiwo amene akufunika pageti pa 3 Novembala ndi yekhayo amene palibe.

Masamu otsala ndi awa. Chiuno changa ndi 39, thalauzi ndi 33, kusiyana kwake 6. Masiku otsala ndi 18. Ndiyenera kuchotsa inchi imodzi pa masiku atatu alionse. Ndinapita nawo masamu amenewa kwa nesi uja dzulo. Anawerenga kawiri, nati njira yokhayo imene akuidziwa ndi ya mpeni, ndipo iye alibe chilolezo.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, Bwana. Sindikupempha kuti mafakitale onse agwirizane, chifukwa ndikudziwa kuti anthu akuluakulu ali ndi zochita zambiri. Sindikupemphanso thalauzi lina, poti ndinasaina. Ndikungopempha kuti mundibwereke munthu amene munamuyeza podula thalauzi ili. Ayenera kuti alipo, poti simukanasoka chovala cha munthu woti kulibe. Afike pageti lachiwiri pa 3 Novembala, 6 koloko isanakwane. Thalauzi alipeza litasitidwa. Ntchito yake ndi kungoima mumzere, kuwongola msana ndi kupereka sawatcha akuluakulu akamadutsa, ndipo akafunsidwa dzina atchule langa. Ndikukhulupirira kuti kwa inu zimenezi sizachilendo, kuika dzina la wina pa thupi la wina. Musamudyetse kanthu m'mawa umenewo.

Ngati munthuyo sapezeka, bwerani nokha. Ndikufunitsitsa kuona nambala imene inu mumavala.

Ine wanu wodzichepetsa, ngakhale thupi lakana kuchepa,

Mlonda wa pageti lachiwiri