Za Mkazi Amene Munamuiwala M'galimoto Yanga

Sebastiano Khembo,
Kuseri kwa msika wa thonje,
Tengani, Nsanje.

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Magalimoto ya Nakatopa,
Japani.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ine ndine munthu wamba, mlimi wa thonje ndi mapira kuno kwa Tengani, komanso mkulu wa mpingo amene mpaka chaka chino analibe mbiri yoipa kupatula kusinza pa ulaliki. Ndikhulupirira kuti inu, amayi kunyumba ndi antchito anu onse muli bwino. Ife tilipo, kungoti kwatentha.

Ndamva kuti kampani yanu yakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Anandiuza ndi aphunzitsi a Maliko a pasukulu yathu, amene amawerenga zinthu pafoni. Akuti agogo anu anayamba ndi kupanga mabelu a njinga m'kashedi ka malata nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, kenako njinga zamoto, kenako kagalimoto ka matayala atatu, mpaka lero magalimoto anu ali ponseponse, ngakhale kumene kulibe msewu. Mafuno abwino, Bwana. Koma mundilole kunena kuti agogo anuwo anali munthu wanzeru: belu limalira pokhapokha mwiniwake akalikhudza. Zimene mukupanga masiku anozi zimayankhula zosafunsidwa.

Galimoto yanu ndinaigula chaka chatha nditagulitsa ng'ombe zanga. Ndinaisankha pachithunzi. Inayenda panyanja, inatsikira ku Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe, ndipo tsiku limene inafika kuno mkazi wanga Hannah anaimba nthungululu mpaka mawu anasasa. Imayenda bwino, sindinama. Mafuta imamwa ngati munthu wodwala. Choncho ndalemba kuti ndithokoze, chimodzichimodzi.

1. Zikomo chifukwa cha matayala oyendera pachisanu choundana. Makaniko wathu, a Elisha, ndiwo anandiuza ntchito yake. Chilengedwere dziko, chisanu chotero sichinagwepo ku Nsanje, koma chikadzagwa ndidzakhala ndekha pamsewu.

2. Zikomo chifukwa cha kakanema koonetsa mapu. Ndikaima pamsika, mbuzi zikudya makoko a nthochi pambali panga, kakanemako kamaonetsa kuti ndili pakati pa nyanja yaikulu. Poyamba ndinkaseka. Shire atasefukira mu Januwale ndinazindikira kuti inu mumaona patali.

3. Tsopano ndafika pankhani yeniyeni. Zikomo chifukwa cha mkazi amene munamuika m'galimotomu osandiuza.

M'mawa uliwonse ndikangoliza injini koyamba, amayankhula. Mawu ake ndi ofewa, aulemu, onga a namwino amene sanayambe kutopa ndi odwala. Amanena zake kwa kamphindi m'chinenero chanu, n'kukhala chete mpaka mawa lake. Kamodzi patsiku basi. Ine ndinaleredwa bwino. Munthu akandipatsa moni sindingokhala duu ngati chitsa. Ndiye ndinazolowera kuyankha kuti, "Ndadzuka bwino mayi, kaya inu."

Hannah anali asanamumvepo. Galimotoyi imagona kumpanda wa tchalitchi chifukwa njira ya kwathu ili ndi chigwembe, ndipo inu munaipanga yamimba yotsika ngati bakha. Pamene Hannah amakwera masana, mnzathuyo amakhala atayankhula kale.

Mu Febuluwale ndinapita ku Ngabu kumsika wa ziweto, ndipo mvula inandigoneka komweko. M'mawa mwake Hannah anandiimbira foni kuti ndigule mchere ndi sopo. Foni ili kukhutu, dzanja linali likuliza galimoto. Mkazi wa m'galimoto uja, mwana wanuyo, anayankhula, mokoma kuposa masiku onse. Ine pakamwa panangoyankha pokha.

Kenako Hannah anati, "Bambo a Glory, ameneyo ndani?"

"Ndi galimoto," ndinatero.

"Galimoto mumaitchula kuti mayi?"

Foni inadulidwa. Nditafika kunyumba ndinapeza chitseko chotseka, miphika kulibe, nkhuku zikundiyang'ana ngati zikudziwa kanthu. Hannah anali atapita kwawo ku Makhanga, kutsidya kwa Shire. Lamulungu lotsatira akuluakulu anzanga a mpingo anandiitanira kumbali n'kundipempha mwachikondi kuti ndiyambe ndapuma pa zowerenga Mawu. Ndinawapempha kuti abwere m'mawa adzamve okha. Anati nkhani ya banja imayambira kwa ankhoswe, osati kugalimoto.

Ndinaganiza zanzeru. Ndinajambula mawu a mkaziyo pafoni n'kutumiza kwa mlamu wanga Gideon, mchimwene wake wa Hannah, amenenso ndi nkhoswe yake. Yankho linabwera tsiku lomwelo: kuchimwa n'kumodzi, koma kudzitama n'kwina.

Panalibenso njira ina koma kupita ndi mboni yeniyeniyo. Ndinatenga nkhoswe yanga, abambo aakulu a Saulos, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri amene sapita kumlandu opanda jekete ndi tayi.

4. Apa ndithokoze chifukwa cha mpando wotenthetsa matako. Ndikumva kuti kwanuko anthu amaukonda. Ine sindinkadziwa kuti ulipo. A Saulos pokwera, ambulera yawo inadina kabatani kena pambali pa giya. Tsikulo dzuwa linali loti ngakhale abuluzi anabisala. Tisanapite patali ndinaona mkuluyo akusunthasuntha. Anakweza mbali imodzi, n'kutsitsa, n'kukweza inayo. Thukuta linkatsika m'tayi. Koma a Saulos ndi munthu waulemu, sangadandaule m'galimoto ya mwana wawo. Anapirira mpaka pa Phokera. Pamenepo anandigwira mkono nati, "Mwananga, imitsa. Undiuze zoona ine ndisanakakuyankhulire. Mkazi wako wa m'galimotoyu ali pansi pangapa, ndipo wakoleza moto."

Ulendo wotsalawo anaumaliza atakhala kumbuyo, pamwamba pa thumba la mapira limene tinatenga kuti tikapepesere.

Titafika ku Bangula, pa Mtayamoyo, msewu unathera m'madzi monga zimakhalira nyengo ya mvula. Anthu amaoloka pabwato. Ndinafunsa eni mabwato ngati pali njira yoolotsera galimoto, iwo anandifunsa ngati ndadya. Choncho a Saulos anaoloka okha, akuyenda motangadza miyendo, kukapempha a kuchikazi kuti atsike adzamve mboni, popeza mboniyo siingakwere bwato.

Anabwera dzuwa litapendeka. Bwato loyamba munali Hannah, atavala chitenje chimene amavala kumaliro, nkhope atayang'ana ku Mozambique. Munalinso Gideon ndi azakhali awo awiri. Mabwato ena atatu anadzaza anthu a ku Makhanga amene nkhaniyi sinkawakhudza n'komwe. Ogulitsa nsomba anasiya malichero awo, a kabaza anaimika njinga. Onse anazungulira galimoto yanu.

Ndinatsegula zitseko zonse zinayi. Ndinapempha bata. Ndinaliza injini.

Bwana, mwana wanu sanatsokomole n'komwe.

Ndinazimitsa, n'kulizanso. Zii. Kachitatu, kachinayi. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti anali atayankhula kale m'mawa kwa Tengani, a Saulos asanakwere. Ndinayesa kufotokoza kuti amayankhula kamodzi patsiku, koma mawu anga anamira m'phwete la anthu.

"Nkhabe, ayi ndithu, alamu," anatero Gideon, amene akakwiya amasakaniza Chisena. "Mboni yanu yachita manyazi. Kapena mwaisiya ku Ngabu?"

Ndinagwada pamatope, ine mkulu wa mpingo, thalauzi la pa Khirisimasi, kupempha kuti adikire mpaka m'mawa. Hannah sanandiyang'ane, koma anauza mchimwene wake motsitsa mawu kuti tsiku limodzi silioletsa nsomba youma. Gideon anasecha galimoto yonse, kubuti, pansi pa mipando, mpaka anatsegula kumene kuli injini kuti aone ngati muli munthu. Kenako anakhoma zitseko, makiyi n'kuika m'thumba mwake. Tonse tinakagona kwa abale ku Bangula.

Kutacha, khamu linali litawirikiza. Amayi a zitumbuwa anabwera ndi mabeseni odzaza. Aphunzitsi a Maliko, amene ndinawaimbira usiku, anafika pa minibasi yoyamba ndi foni yawo imene imatha kumasulira zinenero. Analiza galimoto ndi Gideon mwiniwake, kuti pasakhale zonena.

Ndipo anayankhula. Mawu aja, ofewa, aulemu, anamveka mpaka kumadzi. Azakhali mmodzi anathawa n'kutaya nsapato. Ndiyenera kuvomereza pano, chifukwa mboni zinali zambiri, kuti pakamwa panga panayankhanso pokha: "Ndadzuka bwino mayi, kaya inu."

A Maliko anakweza foni m'mwamba n'kuwerenga mokweza zimene mwana wanu wakhala akundiuza miyezi yonseyi: "Mwadzuka bwanji. Lero ndi Lachinayi. Khadi lolipirira msewu simunalowetse. Yendani bwino." Msewu wake uti, Bwana? Umene unathera m'madziwo?

Anthu anaomba m'manja. A Saulos anavula chipewa n'kuchikupiza m'mwamba. Gideon anandigwira chanza nati, "Takhuta, alamu, tamva tokha." Ine ndinaongola msana, ndikudziwa kuti ndapambana.

Apo Hannah anaimirira. Sanakweze mawu.

"Ndamva," anatero. "Ndi makina, ndavomera. Koma bambo a Glory, ine ndakhala nanu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. M'mawa uliwonse ndimakudzutsani, m'chinenero chimene mumachimva bwinobwino. Yankho lanu limakhala lakuti, madzi osamba ali kuti. Uyu simumva ngakhale liwu limodzi la zimene amanena, koma mumamufunsa mmene wadzukira."

Palibe anaseka. Ngakhale amayi a zitumbuwa anasiya kuitanira malonda. Ndinayang'ana kwa a Saulos kuti andithandize, iwo anali kuyang'ana zala za kumapazi kwawo. Ndinagwadanso pamatope omwe aja, ndipo ulendo uno sindinkapempha kuti galimoto iyankhule.

Ankhoswe anagamula pomwepo, pansi pa mtengo wa msangu. Hannah abwerera kunyumba pa mfundo ziwiri. Yoyamba, m'mawa uliwonse ndizimudzutsa iye ndisanadzutse china chilichonse, kaya munthu, kaya mbuzi, kaya galimoto. Yachiwiri, mkazi winayo achoke.

Mfundo yoyamba ndikuikwaniritsa. Tsiku loyamba lilime linalemera ngati ndikuyankhula Chijapani chanucho, ndipo Hannah anaseka mpaka anakhala pansi pamtondo. Pano ndazolowera. Ndatulukiranso kuti ukamufunsa mkazi wako mmene wadzukira, amayankha, ndipo tsiku lililonse amanena zosiyana. Kumpingo anandibwezera paudindo, ngakhale kumsika akunditchulabe kuti wamitala wa ku Japani.

Mfundo yachiwiri ndi imene yandilembetsa kalata ino.

5. Zikomo chifukwa cha nthambo zambirimbiri zimene munaika kuseri kwa chiongolero. A Elisha anagona chagada pansi pake ndi pulayala m'manja. Anadula yofiira, hutala inafa. Anadula yobiriwira, mawindo anasiya kutsika. Anadula yachikasu, mawaipa anayamba kupukuta galasi osaleka, ndipo mpaka lero ndimayenda ndikubayibitsa anthu amene sindikuwadziwa. M'mawa mwake tinasonkhana kudzamva zotsatira. Mwana wanu anatipatsa moni monga mwa masiku onse, n'kutikumbutsa za khadi. A Elisha anapukuta m'manja nati uyu anakhazikika mkati mwenimweni, akamutsatira kumeneko galimoto idzasanduka khola la nkhunda.

Choncho, Bwana, ndabwera kwa inu ngati kholo. Kwathu kuno mkazi sitimupirikitsa ngati galu. Zikavuta, timamubweza kwa makolo ake m'manja, mwaulemu, masana anthu akuona. Mwana wanuyu sanalakwire munthu. Satukwana, sachita miseche, sanapemphepo ngakhale chitenje. Kungoti anafika pakhomo la eni ake popanda ankhoswe.

Ndikupempha modzichepetsa kuti pa chikondwerero cha zaka zanuzi mupatule masiku ochepa, mubwere mudzamutenge. Mukatsika pamsika wa Tengani mufunse aliyense, akulozerani ndipo ena akuperekezani osapemphedwa. Mudzafike m'mamawa kuti mudzamumve nokha. Mbuzi ndasunga kale, ndipo ndidzakuyendetsani ndekha mpaka ku Nsanje pa boma, mawindo otseka, kuti mudzaone mmene ntchito ya manja anu ikutisangalatsira.

Ine ndikanalola kuti mutume wantchito. Koma Hannah wati mubwere inuyo mwini. Akuti alibe nanu mawu ambiri. Akungofuna aone nkhope ya bambo amene amatumiza mwana wake wamkazi kutsidya kwa nyanja kuti azikadzutsa amuna a eni ake.

Ndine wanu wogwada, amene mawondo a thalauzi lake sanayerebe,

Sebastiano Khembo