Tsiku Limene Ndinapeta Tiyi wa Malume

Ndiyambe ndi kuvomera: tiyi wa malume a Bakali ndinamuwononga ndine, ndi manja angawa, kenako mlandu ndinaukankhira kwa mkazi wanga Mwanaisha. Anthu a kwathu akamaikamba nkhaniyi amaseka mpaka misozi, koma amaiphonya penapake, ndiye bola ndifotokoze mwiniwakene, manyazi ali pomwepo.

Inali nthawi imene matipate anali atangoyamba kumene, anthu amene anathawira kunja akubwerera kumudzi. A Bakali, malume a mkazi wanga, anachokera ku Dar es Salaam kumene ankatsitsa katundu m'masitima a panyanja yamchere. Ine ndinali mkamwini pamudzipo, wopanda munda. Dambo la mpunga la banjalo linali m'manja mwawo, ndipo analengeza kuti Lachisanu akachoka ku mzikiti agawa ndime. Ine ndinkangofuna ndime imodzi, kuti nanenso ndizitchedwa munthu.

Lachinayi anandiitana pakhonde. Anatulutsa zitini zitatu, zolembedwa zilembo zangati mapazi a nkhuku.

"Mkamwini, akuti munagwirapo ntchito ya tiyi ku Thyolo?"

"Eee malume, ndine eksipati!"

Zoona zake n'zakuti ndinali mlonda wa pageti, masabata atatu okha. Fakitale ndinkangoionera utsi.

"Basi, sungani uyu. Ndi tiyi wakutali, mitundu itatu, anandipatsa anzanga a m'sitima. Mawa ndimwa ndi alendo anga. Mumukonze bwino."

Lachisanu m'mawa, iwo atanyamuka, ndinatsegula chitini choyamba. Kalanga ine! M'tiyi muli mpunga, wokazinga, wina mpaka wophulika ngati mbuliwuli. Tsono munthu wa ku Nkhotakota sungamunamize ndi mpunga. Ndinati, ohoo, awabera malume, awathirira mpunga kuti chitini chidzaze. Ndinakatenga lichero.

"Bambo a Juma, lichero mukupita nalo kuti?" anafunsa mkazi wanga.

"Za tiyi simungazimve, amake Juma. Izi n'za anthu a ku esiteti."

"Nanga munayamba liti kupeta inu?"

"Taphikani zitumbuwa zanuzo!"

Ndinapeta kuseri kwa nyumba, mphepo ikundibwezera zonse kumaso. Nkhuku zinachita phwando.

Chitini chachiwiri: masamba osakanikirana ndi timaluwa toyera touma, fungo ngati sopo wa ku sitolo. Zinyalala zimenezo! Ndinakhala pansi n'kutola limodzilimodzi mpaka kuyera.

Ndinatsegula chitini chachitatu. Timibulu ting'onoting'ono, takuda mobiriwira. Ndinanunkhiza, ndinayang'ananso. Ndinati, aaa, makoswe a m'sitima anasandutsa chitinichi chimbudzi. Ndinapita nacho kudzala, kukhuthula, kukwirira, kupondaponda, n'kusamba m'manja kawiri.

Tsopano tiyi wotsalayo ndinaona kuti ndi wobiriwira. Tiyi amene ndinkamudziwa ine ndi wakuda. Ndinati uyu ndi wosapsa, anamuchotsa mufakitale mothamanga. Ndinaphatikiza yense, kuika pachiwaya, kukazinga mpaka kuda bii ngati makala. Kenako muketulo, mkaka, shuga wosawerenga, n'kumubwatitsa ngati nyemba.

Alendo anafika, akuluakulu asanu ovala mikanjo yoyera, n'kukhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Malume anatulutsa timakapu topanda zogwirira, akumwetulira.

"Abale anga, lero mulawa girini tii, tiyi wobiriwira. Ameneyu safuna shuga, safuna mkaka, madzi otentha okha. Woyamba amamuphatikiza dala ndi mpunga wokazinga. Wachiwiri ndi wa maluwa onunkhira."

Ketulo inayamba kundilemera m'manja.

Ndinathira. Chimene chinatuluka chinali ngati madzi a m'ngalande mvula itagwa. Mkulu wina, a Mwalimu Sudi, anapsontha pang'ono, anatseka maso, n'kuika kapu pansi mwaulemu.

"A Bakali, tiyi wakunjayu akumveka ngati kwapsa nyumba."

Malume ananunkhiza kapu yawo. "Mkamwini, mpunga uli kuti? Maluwa ali kuti?"

Apa ndi pamene ndinachimwa zenizeni.

"Malume, ine ndangowiritsa. Apeta ndi amake Juma. Mukudziwa azimayi akaona lichero."

Mkazi wanga anali atagwada pomwepo ndi mbale ya zitumbuwa. Anangondiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo pamutupo maso ake anaima. Malume nawo anayang'ana pomwepo. A Mwalimu Sudi nawonso.

"Mwanaisha ndi amene wapeta?" anatero malume pang'onopang'ono. "Mwana wa mlongo wanga amapeta mpunga kuyambira ali ndi mano a mkaka, ndipo sindinamuonepo atasenza zopetazo m'tsitsi la mwamuna wake."

Ndinagwira kumutu. Masamba wayawaya kugwera pamkeka! Akuluakulu anaseka mpaka zisoti kupendekeka.

Malume anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa kapepala kokulunga, muli tiyi wa mpunga uja wongokwana kutsina, amene anatapako asanandipatse zitini. Anauza mkazi wanga abweretse madzi otentha. Anathira, kudikira pang'ono, n'kundipatsa ine poyamba. Abale, madzi ake oyera mobiriwira, opepuka pakamwa, fungo lake ngati dambo tsiku lokolola. Ndinameza pamodzi ndi manyazi.

"Tiyi ndi masamba chabe, mkamwini," anatero. "Koma ndime yanga sindingampatse munthu amene mbalame zikadya mpunga adzati wadya ndi mkazi wake. Komabe alendo asadandaule. Bola chitini chachitatu chilipo, cha timibulu timene timatambasuka tokha m'madzi. Ameneyo ndiye mfumu ya onsewo. Kamutengeni."

Panalibenso kothawira. Ndime ija anandipatsa ndithu, ndipo ndikulimabe mpaka lero. Kuyambira tsikulo chinthu chimene sindichidziwa ndimayamba ndafunsa ndisanachikonze. Koma kuti ndiipeze, ndinagwada pakati pa mkeka, pamaso pa akuluakulu asanu ndi mkazi wanga, n'kunena mokweza:

"Pepani amake Juma, ndakunamizirani. Ndapeta ndine, ndakazinga ndine. Pepaninso malume, mfumu yanuyo musaidikire. Ndinaiyesa manyi a makoswe, maliro ake achitika kale m'mawa kudzala."