Nkhondo ya Hamala ya Mkuwa ku Chelstone

M'masiku aja a chipani chimodzi, dziko litatha zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu lili pa ufulu, pamene munthu ankayamba waima pa mzele kenako n'kufunsa chimene akugulitsa kutsogoloko, pamene sopo ankaoneka mwa apo ndi apo monga kadamsana ndipo saladi wophikila tinkangomumva mbili, mu Chelstone wa mu Lusaka, mu msewu wa kuseli kwa thanki ya madzi, munabuka nkhondo imene mpaka lelo madala a kumeneko amaikamba atatsitsa mawu.

Ngwazi ya nkhondoyi anali ba Amock, kalaliki wa mafayilo ku unduna wina m'tauni, Mkango wa Pansi pa Motoka, Mdani wa Dzimbili, mwamuna amene zikhadabo zake sizinayelepo chilandilile ufulu. Wolimbana nawo anali ba Gilson, neba wa kuseli kwa waya, mphunzitsi wa masamu, Njati Yosabweleketsa, amene sipanala yawo sinagonepo pa nyumba ya munthu wina.

Chiyambi chake n'chakuti mzungu wina wa ku Kabulonga, pobwelela kwawo, anasiya timotoka tiwili ta mpikisano, tofanana ngati mapasa, ta mipando iwili, topanda denga, tafupi moti ukakhalamo matako amawelenga miyala ya mumsewu. Kofiila kanagwela ba Amock, kobiliwila ba Gilson, ndipo tonse tinalowa mu Chelstone mwaulemelelo waukulu, tikukokedwa ndi chingwe. Koma mzunguyo anasiya hamala imodzi yokha.

Mawilo a timotoka timeneti samangidwa ndi manati anayi monga a motoka za anthu wamba. Wilo lililonse limagwidwa ndi chinati chimodzi cha makutu awili, ndipo pomasula umamenya khutulo ndi hamala ya mkuwa, chifukwa yachitsulo imathyola makutu, ndipo khutu likathyoka zaka zimenezo unkatha kufuna lina kuyambila Lusaka mpaka Kitwe osalipeza. Choncho madoda awiliwa anapangana pa waya, akazi awo ali mboni, kuti pa Maloweluka anayi a mwezi, awili oyamba hamala izigona kwa ba Amock, awili otsatila kwa ba Gilson. Mphunzitsi wa masamu uja anaiwala kuti miyezi ina imabala Maloweluka asanu. Maloweluka achisanuwo anabweladi kangapo, koma ankapita mwamtendele, chifukwa ankagwela pa malilo, pa msonkhano wa chipani, kapena pa tsiku limene kwamveka kuti ku sitolo kwafika shuga.

M'zaka ziwili ba Amock anaukitsa injini, anasoka mipando ndi chikopa cha chikwama chakale, anapukuta motokayo mpaka nkhuku za aneba zinkamenyana ndi zithunzi zawo pa chitseko. Chinawakanika n'chimodzi: wilo lakumbuyo, la ku dzanja lamanja, linali lophwa, ndipo chinati chake chinakana kumasuka. Kwa ba Gilson nakonso wilo lina la kumanja linakana chimodzimodzi. Loweluka lililonse Chelstone yense ankamva kugunda kwa mkuwa, mbali iyi kapena iyo ya waya, ndipo azimayi ankateleka poto wa masana potengela phokosolo.

Tsono m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ba Eness, akazi a ba Amock, anaima pa khomo la galaja atagwila m'chiuno.

"Atate ake Rhoda, chokani pansi apo, nifuna kuona kumaso."

Mkango unatuluka chagada.

"Dzina langa lafika pa mndandanda wa anapiye. Handiledi. Abwela pa Mande, mwezi ukatha. Iyi motoka yanu ikalephela kuyenda yokha kufika pa geti pa Loweluka lomaliza, nizaitana uja wokhoma mbaula ku msika. Anakamba kuti mu boneti chabe mungachoke mbaula zisanu."

"Amake Rhoda, iyi motoka inathamangapo mamailo handiledi pa awa imodzi."

"Na ndani?"

"Na mzungu."

"Na imwe yathamanga zingati?"

Ngwazi zenizeni sizitaya mawu pa mafunso a masamu. Ba Amock anakayang'ana kalendala ya ku tchalitchi imene inali pa chipupa, napeza kuti Mulungu, mwa chifundo chake, waupatsa mweziwo Loweluka lina lapadela, lopanda mwini. Hamala inali kwa ba Gilson.

Litafika tsikulo m'mawa, Mdani wa Dzimbili anavala ovolosi yake ya nkhondo, imene inkatha kuima yokha chifukwa cha oilo, nayenda masitepe khumi ndi awili kukafika pa waya, nakweza mawu kuti amve ndi a nyumba yachitatu.

"Ba Gilson, mwana wa kwa Kawaza, neba wanga wa zaka khumi, ine amene ninakunyamulani pa njinga tsiku lija munadya kapenta woola, naima pano pamaso pa mapapaya aya kupempha chimene chili changa. Maloweluka yanu yawili yasila. Hamala ibwele."

Njati inatuluka m'galaja mwake, hamala ili m'manja, ikuisisita ngati mwana.

"Ba Amock, imwe amene mumasunga mafayilo ya boma mpaka yadyewa na chiswe, mvelani. Pangano inakamba kuti yoyamba ni yanu, yothela ni yanga. Lelo ni Loweluka yoyamba olo yothela?"

"Ni yachisanu."

"Yothela. Nikuphunzitsani mahala, ana a anthu amalipila."

"Motoka yanga izakhala mbaula, ba Gilson."

"Ninamva. Munisungileko imodzi, yathu inabooka."

Mawu amenewa ndiwo anatsegula nkhondo. Pofika naini koloko ba Amock anali atadula nthambi zonse za gwafa wa ba Gilson zimene zinaoloka waya popanda chilolezo. Ba Gilson anabwezela potembenuza wailesi kuloza kwa mdani, naikweza mpaka kumapeto pa pulogalamu ya za ulimi wa mpendadzuwa. Ba Amock anakoka payipi ya madzi imene nyumba ziwilizi zinkagawana. Ba Gilson anayamba kumenya chinati chawo pang'onopang'ono, mokoma, kuti kugunda kulikonse kukalowe m'chifuwa cha neba. Ndipo cha m'ma leveni, wokhoma mbaula uja anafika ndi wilibala ndi tchizulo, nakhala pa kalavati wa pa geti, nayamba kuyeza motoka yofiila ndi maso.

Apa ba Amock anaona kuti nkhondo yakula kuposa mphamvu za munthu mmodzi, ndipo anapita kukaitana boma. Boma la mu msewu umenewo linali ba Mpundu, tcheyamani wa sekishoni ya chipani, Mwini Chidindo, Woyang'anila Mizele, munthu amene sanakhalepo ndi motoka ngakhale njinga, koma ankadziwa mwini wa chilichonse. Anafika atavala safali suti, thukuta likutsika m'khosi, napeleka moni.

"Shani, ba komuledi. Choyamba, makadi ya chipani."

Makadi anatuluka. Ba Mpundu anawayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, namva mbali zonse ziwili maso ali chotseka, kenako anatambasula dzanja, ndipo ba Gilson, amene sanabweleketsepo kanthu chibadwile, anapeleka hamala.

"Mu dziko ya umunthu," anatelo ba Mpundu, "kulibe hamala ya munthu mmodzi. Iyi manje ili m'manja mwa chipani. Nionetseni mdani weniweni."

Anawatengela ku galaja ya ba Amock, ba Gilson akutsatila pambuyo kuti aone chuma chawo chisaonongeke. Ba Mpundu anawelama pa wilo lophwa lija. Tsono munthuyu anali wamanzele, ndiponso sankadziwa kuti nati imamasukila kuti. Anaima mbali imene inamukomela, nakweza hamala, namenya khutu la chinati kuloza kumene aliyense wodziwa zitsulo amamangila.

"Ba Tcheyamani, mukumangitsa," anatelo ba Amock.

"Awe mukwai," anakana ba Mpundu, "chipani sichiphunzitsidwa."

Anamenya kachiwili. Ba Gilson anaseka chamumtima. Ba Mpundu anamenya kachitatu, ndipo chinati chimene chinapilila nkhonya za zaka ziwili chinalila ngati chitseko chakale, n'kutembenuka.

Ba Amock anagwada, natola chinaticho, nakanda ndi chikhadabo penti wasiliva amene iwo eni anapakapo sabata yoyamba kuti chiziwala. Pansi pa pentiyo panali kamuvi kozokotedwa bwinobwino, koloza kumene chinaticho chimamasukila. Manati a mawilo a kumanja amamasukila chobwelela, kuti motoka ikamathamanga asamasuke okha. A kumanzele, amene madoda awa anawamasulapo kambili, ndiwo amayenda monga manati ena onse.

Ba Amock anayang'ana ba Gilson. Ba Gilson anayang'ana denga, pakuti nawonso anapaka penti wasiliva pa manati awo, atasilila kwa neba.

"Zaka ziwili," ananong'ona ba Amock. "Tinali kumanga."

"Loweluka iliyonse," anayankha ba Gilson. "Ba neba, iyi nkhani isafike ku sukulu. Ana a Fomu Fili ni nyama."

"Na ku ofesi isafike."

"Isafike na kwa akazi."

Pamenepo, popanda mboni kapena chidindo, nkhondo inathela m'manyazi a anthu awili. Atatembenuka, onse pamodzi anagwila dzanja la ba Mpundu.

"Mphamvu zotele sitinazionepo, ba Tcheyamani," anatelo ba Gilson.

"Si zanga," anatelo ba Mpundu modzichepetsa, akupukuta khosi. "Ni za chipani."

Koma tsoka linali lisanamalize ntchito yake. Atachotsa wilo n'kutulutsa chubu, anapeza kuti chinaola kalekale, chikung'ambika m'manja ngati chitumbuwa chonyowa, ndipo chubu cha saizi imeneyo chinali chisanaoneke m'sitolo chiyambile chaka. Wokhoma mbaula anaimilila pa kalavati nayamba kunola tchizulo. Ba Eness anatulutsa mpando nakhala pa khonde. Ba Amock anakhala pansi pa simenti, chubu chili pa miyendo, ndipo kwa nthawi yoyamba Mkango unaoneka ngati kalaliki.

Ba Gilson anachoka, hamala ili m'khwapa. Kuseli kwa waya kunamveka kugunda katatu. Kenako anthu a mu msewu, amene tsopano anali atadzaza pa geti, anaona chimene sichinaonekepo: Njati Yosabweleketsa ikugubuduza wilo lake lomwe, lopopa bwino, kulowa nalo pa geti ya mdani.

"Nabweleketsa chabe," anatelo. "Musazolowele."

Analimanga, ulendo uno akumenyela koyenela. Ba Amock anathila petulo amene anamusunga m'chigubu kuyambila Isitala, nakhala pa mpando, napemphela mwachidule. Injini inatsokomola kawili, inatulutsa utsi umene unathamangitsa agalu, n'kubangula. Motoka yofiila inatuluka m'galaja ndi mphamvu zake, inadutsa pa maluwa a ba Eness, n'kuima pa geti, mphuno yake itagunda wilibala. Wokhoma mbaula anaika tchizulo m'thumba napempha madzi akumwa.

Mtendele unakondweleledwa monga mwa ulemu wake. Botolo limodzi la Tarino lofunda linagawidwa m'makapu atatu. Ba Mpundu anagamula kuti Loweluka lililonse lapadela hamala izigona kwa iwo, pansi pa pilo, m'dzina la anthu onse. Popeza mipando inali iwili, tcheyamani anakhala kutsogolo akugwedeza kansalu koyela kwa makamu, ndipo ba Gilson anakwela pa buti, miyendo ili lende, atanyamula hamala m'mwamba ndi manja awili ngati ndodo ya ku nyumba ya malamulo. Anazungulila thanki ya madzi katatu pa liwilo loti mayi wina wosenza mtolo wa nkhuni anawapitilila, nawapatsa moni.

Pobwela, ba Amock anakhotela ku galaja monga mfumu yobwela ku nkhondo, koma anaponda buleki. M'galajamo munali mosesedwa. Pansi anali atamwaza utuchi, pakati panalendewela nyali, ndipo masipanala onse anali m'beseni panja.

"Amake Rhoda, nanga ichi? Motoka yayenda. Mwaona na maso yanu."

"Naona, ndipo sinizaigulitsa," anatelo ba Eness, akukung'untha tsache. "Koma motoka yoyenda igona panja monga zinzake. M'nyumba mugona odwala na ana."

Ba Amock anayang'ana kwa tcheyamani kuti boma lilankhule. Boma linali litaona kale kuti nkhuku handiledi zidzakula, ndipo linati nkhani za m'banja chipani sichilowelela.

Choncho Lolemba m'mawa, Mkango wa Pansi pa Motoka, Mdani wa Dzimbili, unatuluka pa ulendo wake woyamba wa ntchito, kukatenga anapiye. Unabwelela mu msewu waukulu wa kum'mawa pa giya yoyamba, malole akuuimbila mahutala, pa mpando wa kumanzele pali katoni ya mabowo yomangidwa ndi lamba, ba Eness atakhala pa buti ndi ambulela kutchingila anapiye mphepo.

"Atate ake Rhoda," ankatelo pa bampu iliyonse, "chepetsani sipidi."