Kalata ya ku Canada Inathera pa Mchenga wa a Malume

Chipsera chimene chili pachigongono changa chakumanzere anthu amati ndi cha ndewu, ndipo ine sindiwatsutsa. Ndewu ili ndi ulemu wake. Zoona zake n'zakuti ndinachitenga pa mulu wa mchenga ku Mtendere, komboni ya mu Lusaka, mwezi wa Okutobala, nditavala ngati ndikupita kukagona m'filiji.

Inali nthawi ija makampani a boma ankagulitsidwa ngati tomato wamadzulo. Bambo atachotsedwa ntchito, ine sukulu inathera mu Giredi 9. (Musandifunse ngati ndinali wanzeru. Ena amene ankakopera kwa ine lero amavala tayi.) Amayi ndiwo ankatidyetsa. Ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, kwa mzungu wina wa ku Canada, ba Eriki.

Tsiku lina ndinapita kukatchetcha kapinga kumeneko, ndipo m'galaja ndinaona thabwa lalitali lopindika nsonga zonse ziwiri. Ba Eriki anati ndi sinobodi. Kwawo kumagwa chipale chofewa ngati ufa, ndiye anthu amamanga mapazi onse awiri pathabwalo n'kumatsetsereka kuchokera pamwamba pa phiri. Mkulu wawo anali ndi sukulu yosula aphunzitsi a masewera amenewa, ndipo wokhoza ankapatsidwa satifiketi ndi ntchito. (Chimene anabweretsera thabwalo ku Zambia sindikuchidziwa mpaka lero.)

"Nilembeleni kalata kwa bakulu banu," ndinatero. "Nifuna kuchoka muno."

Anaseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka.

"Kutsetsereka akakuphunzitsa konko," anatero m'Chinyanja chawo chopunduka. "Iwo amafuna munthu wodziwa kuphunzitsa. Tenga thabwali, ukonzekere masabata atatu. Upeze munthu mmodzi umuphunzitse ine ndikuona. Uyambe ndi kagwedwe, chifukwa woopa kugwa saphunzira. Ukatha, ndilemba."

Vuto loyamba linali phiri. Lusaka ndi wosalala ngati tebulo. Phiri lokhalo limene ndinalipeza linali la malume anga, ba Sakala, amene ankagulitsa mchenga ndi miyala m'mbali mwa msewu. Mulu wawo unkafika padenga la nyumba. Zomangira mapazi za pathabwa lija zinali zitathyoka kale, choncho ndinadula malegeni a chubu cha galimoto. Zovala ndinazipeza pa salaula, msika wa kaunjika: ovolosi yonenepa ngati matiresi, imene inakhala pamsika miyezi osaigwira munthu. Mayi wogulitsayo anandipatsa nditamunyamulira mabelo awiri, ndipo anandiyang'ana ngati wodwala.

Masabata atatu ndinkakwera muluwo m'mawa uliwonse. Thabwa linkayenda pang'onopang'ono ngati ngolo ya bulu, ine n'kumadziona katswiri. Anzanga onse anakana kukhala ophunzira anga. Malume anavomera chifukwa mchenga unali wawo, ndipo sankafuna kuti wina aziupondaponda.

Ba Eriki anali atanena kuti pansi pa thabwa pamafunika phula kuti lizitsetsereka. Phula ndinalibe, koma amayi anali ndi polishi wofiira wa pakhonde. Ndinamusungira tsiku la mayeso. Pansi ndinapaka kamodzi. Koma kwathu polishi timapaka pamene anthu aone. Ndani anapakapo polishi kunsi kwa tebulo? Choncho pamwamba, popondapo penipeni, ndinapaka katatu mpaka nkhope yanga inaoneka.

Loweruka masana ba Eriki anafika. Amayi oswa miyala pafupi ndi mulu anatembenuza mipando yawo. Ine m'kati mwa ovolosi thukuta linali litafika kale m'nsapato.

"Ba malume," ndinayamba, "poyamba muzaphunzila kugwa."

"Kugwa? Ine? Pamenso pa bazimai aba?"

"Ni lamulo."

"Iwe, nili na bana basanu. Nikagwa nagwa, koma osati kugwa mwadala monga chidakwa."

"Chabwino. Pindani maondo."

"Bwanji?"

"Monga muli pa chimbuzi."

Amayi aja anaphulika ndi kuseka. Mmodzi anafuula kuti, "Ba Sakala, tibwelese pepala?" Malume anaima njo ngati mtengo wa magetsi. Ndinanena kachiwiri, kachitatu. Maondo osapindika. Ndinaona kalata yanga ikupita, ndipo kutentha kunandikwera m'mutu.

"Mutu wanu ni wouma monga mwala!" ndinakuwa. "Ndiye chifukwa mugulisa chabe mchenga!"

Nyundo zonse zinaima. Malume ndi mlongo wa amayi anga, munthu amene anatibweretsera ufa mwezi umene bambo anachotsedwa ntchito. Anangoyang'ana pansi. Munthu wanzeru akanagwada pomwepo. Ine ndinati, "Chokani, onani ine," n'kukwera mulu.

Ndinamanga malegeni, ndinatambasula manja, ndinadzikankha. Thabwa lija la masabata atatu silinali lomwelo ayi. Linachoka ngati minibasi yothawa apolisi. Phazi lakumanja linaterereka pa polishi n'kutuluka, lakumanzere linatsala m'malegeni. Ndinaona thambo, mchenga, thambo, kenako mulu wa miyala yoswa. Ovolosi inapulumutsa thupi lonse kupatula chigongono, chifukwa manja ndinali nditawapinda kaamba ka kutentha.

Woyamba kufika anali malume. Anandinyamula, anatsegula zipi, anandithira madzi kumutu.

"Mwana wa mlongo wanga, ulipo? Penya kuno. Nine ndani?"

Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Amayi ena anang'amba chitenje n'kundimanga pabala. Ndili chikhalire pamthunzi, ba Eriki anatola thabwa, anakwecha polishi wapamwamba ndi mchenga, n'kupita kwa malume.

"Ba Sakala, mungandithandize? Ndikufuna ndione ngati mchenga wanu ndi wabwino."

Anayambira m'munsi mwa mulu. Ba Eriki eni ake anagwa poyamba, chagada, miyendo m'mwamba, n'kudziseka. Kenako anagwada pansi, anamanga mapazi a malume, anawagwira manja onse awiri. Malume anagwa, anadzuka akuseka. Anagwanso. Dzuwa lisanapendeke, munthu wa ana asanu uja anatsika kuchokera pakati pa mulu ali chiimire, maondo opinda bwinobwino, akukuwa kuti, "Chokani kutsogolo!" Amayi aja analuluta.

Ba Eriki anabwera kudzakhala pambali panga. Sanaseke.

"Kugwa kwako si kanthu, tonse timagwa," anatero. "Koma wophunzira wako anachita manyazi, iwe n'kumutukwana. Kalata sindilemba. Pepa."

Ndinawerama n'kumakonza chitenje cha pabala paja.

Ba Eriki anabwerera kwawo mvula isanathe. Ine Lolemba lotsatira tsiku la mayeso lija ndinapita kukagwada kwa malume. Anandisiya pamiyalapo mpaka anamaliza kukambirana ndi kasitomala, kenako anati, "Nyamuka, maondo yako yapinda bwino," n'kundipatsa fosholo. Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira pamenepo ndinaleza mtima, koma dzulo lomweli ndinamukalipira dalaivala wa lole.

Malume mpaka lero amauza aliyense wobwera kudzagula mchenga kuti m'banja mwathu monse, munthu wodziwa masewera a ku Canada ndi iwo okha. Ine ndimangopakira mchenga, chete. Chondipweteka n'chakuti sanama.