Tsache lomwe linatsala pang'ono kundibweza ku Dedza

Inu amene mumati Tamanda ndi wofatsa, salakwitsa kanthu, khalani pansi ndikuuzeni za tsache. Pano ndikuseka, koma mwezi wathawu ndinali nditayamba kale kuganiza za zovala zimene ndinyamule pobwerera kumudzi.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo kuno ku Wolverhampton, ndipo viza yanga ili m'manja mwa kampani imene inandilemba. Mukudziwa nokha mmene zimakhalira, dandaulo likangofika ku ofesi amakuitana, amalemba m'faelo, iwe mtima osakhalanso m'malo. Mmodzi mwa anthu amene ndimawayendera m'mawa ndi Mayi Doreen, a zaka za m'ma eyite, amuna awo anamwalira kalekale. Iwowo alibe vuto. Vuto ndi mwana wawo, a Susan, amene amabwera Loweruka lililonse ndi maso ofufuza, ndipo anachotsetsapo kale mtsikana wina pakhomopo chifukwa cha kapu yosatsuka bwino.

Kutsogolo kwa nyumbayo kuli timitengo sikisi m'miphika ikuluikulu ya simenti, titatu mbali iyi, titatu mbali inayo, tometedwa mozungulira bwinobwino ngati mipira. Amatitcha box. Timasamba take n'tating'onoting'ono, tobiriwira chaka chonse ngakhale kuzizire chotani. Anadzala ndi malemu bambo awo a Susan, ndipo a Susan akafika amayamba azungulira timitengoto asanalowe kukapereka moni kwa mayi awo.

Lolemba lina m'mawa ndinapeza kanjira kolowera katadzaza masamba ouma a mtengo wa aneba, mphepo itawaunjika pakhomo penipeni. Ine, mwana woleredwa ndi amayi anga aja, ndilowe m'nyumba pabwalo pali zinyalala? Thupi linakana. Ndinafuna tsache. M'nyumba muli huva basi, makina okoka fumbi aja, ndi kaburashi ka pasinki, shedi yosungiramo zipangizo njokhoma. Kufunsa Mayi Doreen kunali kosavuta, koma ine kufunsa kumandilemera kuposa thumba la chimanga. Ndiye ndinachita zimene aliyense wa kwathu amachita tsache likasowa, kuyang'ana chitsamba chapafupi n'kuthyola.

Ndinathyola tinthambi tiwiri. Tafupika, sitikusesa. Ndinawonjezera tina, kenako ndinapisa dzanja mkati kufuna totalikirapo, mpaka tsache linakwana. Bwalo ndinasesadi, linayera mbee. Nditatembenuka kuti ndinyadire ntchito yanga, mpira uja unali ndi dzenje loti chibakera n'kulowa, chigongono n'kutsatira.

Poyamba sindinade nkhawa. Kwathu mpanda wa maluwa ukaudula lero, mvula ikagwa kawiri wayamba kale kutseka njira, nanga kuno kumene imagwa tsiku ndi tsiku? Ndili m'basi ndinafufuza pafoni. Anzanga, kamtengo kameneka kamakula ngati akuchita kukakakamiza. Chaka chathunthu, kutalika kosaposa chikhatho. Zimene ndinathyola tiyi asanazizire, malemu aja anazidikira zaka ndi zaka.

Lachiwiri ndinabwera ndi nzeru za ku koleji. Ndinati vuto si dzenje, vuto n'lakuti mbali zinazo zatalika, ndikameta mozungulira zonse zifanana. Ndinatenga sizasi ya kukhitchini Mayi Doreen akumvera wailesi yawo. Chimene palibe anandiuza n'chakuti kubiriwira konse kuja kuli pamwamba pokha ngati penti, mkatimo ndi timitengo touma tokhatokha. Ndikameta, kukutuluka zouma. Ndikametanso kuti ndikonze, zouma zina. Pamene ndimasiya, kamtengo kanali ngati mutu wa mwana wa zipere.

Lachitatu ndinaganiza zotembenuza mphikawo kuti chilondacho chiyang'ane kukhoma. Mphika wa simenti, wodzaza dothi lonyowa, ine ndi kathupi kanga aka. Ndinakankha ndi phewa, ndinakankha ndi msana, bambo wina wodutsa ndi galu mpaka anaima n'kufunsa ngati ndili bwino, ine n'kumwetulira kuti ndili bwino kwambiri, thukuta lili kamukamu. Unatembenuka ndithu. Nanga mbali imene yakhala ikuyang'ana khoma zaka zonsezi, osaona dzuwa, mukuganiza kuti inali ndi masamba? Dazi lokhalokha. Ndinayambanso kukankha kuubwezera mmene unalili.

Nditaweruka ndinawauza anti a Nagama, anesi amene ndimakhala nawo ku Whitmore Reans. Anaseka mpaka anakhala pa masitepe, nsapato imodzi ili m'manja. Anati chibwerereni kuno sanamvepo munthu wothyola tsache pa maluwa a mzungu, n'kundifunsa ngati dipuloma yanga ija ndinachita kulembera mayeso kapena ndinangotola pamsewu. Atatha kuseka anandiuza kuti ndikaulule mawa lomwelo, anthu a kuno amakhululuka msanga ukanena wekha kusiyana n'kuti akugwire. Ndinavomera ndi mutu. Mukuganiza kuti ndinaulula?

Lachinayi ndinakatenga tsache lija kuseri kwa bini ya zinyalala kumene ndinalibisa, ndinalimasula, n'kubwezera kanthambi kalikonse m'dzenje muja, kumangirira ndi ulusi wakuda umene ndimalukira tsitsi. Kunena zoona inali ntchito yaluso, ndipo pamalo ometa paja ndinaphimbanso. Ukaima pa geti sungadziwe. A Susan anabwera Loweruka limenelo osaona kanthu, ine Lamulungu kutchalitchi ndinaimba mokweza mpaka anti anandicheukira.

Patatha milungu iwiri nthambi zija zinasanduka zachikasu.

Loweruka lotsatira ndinali pa shifiti. Ndinapeza a Susan ataima pa mphika uja maso ali psuu, pambali pawo pali bambo wosamalira maluwa amene anamuitana, wandevu, vani yake ili pamsewu. Nkhani inali yoti kuli matenda amene akupha timitengo ta box, ndipo amayamba chonchi, chigamba chimodzi, kenako n'kufalikira kwa tinzake. Bamboyo anangoyang'ana chapatali n'kunena kuti ngati ndi amenewo, chanzeru n'kuzula tonse sikisi n'kukataya, ndi dothi lomwe. Mayi Doreen anali pa wilitcheya yawo pakhomo, bulangete pamiyendo, akungoti inde, inde, zulani, musachedwe.

Ine ndaima ndi chikwama changa. Ndikakhala chete, ntchito yanga yapulumuka, koma timitengo ta malemu tapita tonse chifukwa cha tsache. Ndikayankhula, foni ili kale m'manja mwa a Susan, nambala ya ofesi amaidziwa pamtima. Bambo uja anapita ku vani n'kubwera ndi fosholo. Ndiye ndinangoyenda, kugwada pa mphika paja, n'kusolola kanthambi kachikasu kamodzi. Kanatuluka kokha, ulusi ukulendewera. Ndinasolola kena, n'kupatsa bamboyo m'manja ngati ndikupereka chopereka.

Anayang'ana tinthambito nthawi yaitali, akutitembenuza.

"Ntchitoyi ndinaiyamba ndili mnyamata," anatero mofatsa, "koma matenda odziwa kumanga mfundo ndi koyamba."

Ndinaulula zonse, maso ali pa nsapato, Chingerezi changa chikutuluka chobalalika. Ndinafotokoza kuti kwathu pabwalo timasesa m'mawa uliwonse, ndipo tsache likasowa timathyola pachitsamba, palibe amafunsa. Ndinanena za sizasi, za mphika, za ulusi. Kenako a Susan anafunsa bamboyo funso limodzi lokha, ngati ndiye kuti matenda palibe. Iye anagwada, anasuzumira mkati mwa kalikonse, n'kunena kuti palibe, tonse tili bwino, ndipo dzenjelo lidzatseka lokha pakapita zaka zingapo bola anthu asiye kukathandiza kamtengoko.

A Susan anakhala pa sitepe n'kuyamba kulira, kenako kuseka misozi ikutsika, foni n'kuibwezera m'thumba. Ndinaiona ndi maso anga ikulowa m'thumbamo. Anandigwira paphewa n'kunena kuti akanazula ta bambo awo pachabe, ndipo ulendo wina ndikafuna kanthu ndizingofunsa.

Amene sanaseke ndi Mayi Doreen. Nditawalowetsa m'nyumba n'kuwapangira tiyi, nkhope inali yokwinyika. Ndinapepesanso kachitatu, ndikudziwa kuti ndawononga chikumbutso cha amuna awo. Anayang'ana kukhomo kuti aone ngati mwana wawo akumva, n'kundikodola kuti ndiwerame.

"Mwana iwe," ananong'ona, "timitengo timeneto dzuwa likangowala timanunkha mkodzo wa mphaka, pawindo langa penipeni. Amuna anga ndinawauza mpaka anamwalira, Susan ndamuuza, palibe wondimva. Lero munthu wafika ndi fosholo m'manja, iwe n'kukhala woona mtima?"

Chichokereni tsiku limenelo chomera cha mwini sindichikhudza, ngakhale tsamba limodzi, ndipo sindidzachikhudzanso. Mayi Doreen andiuza kale kawiri kuti kamtengo ka pawindo kaja kakuoneka ngati kakufuna kuthandizidwa. Ine ndimangowafunsa ngati tiyi akufuna ndi shuga.